Nduna ikati "boma likudziwa", kodi nkhani yathera pomwepo?

Funso: Ndine mphunzitsi wa pulayimale ku Ntchisi. Aphungu akamakumana ndimatchera wailesi pafoni nthawi yopuma. Phungu wathu wafunsapo katatu za mlatho umene madzi adakokolola, womwe ana a tsidya lina amaolokera pobwera kusukulu. Katatu konse nduna yayankha kuti boma likudziwa za vutoli ndipo ntchito iyamba ndalama zikapezeka. Tsiku lomwelo ndimamva nduna ya zaumoyo, ya zamagetsi, ya zaulimi, onse nyimbo yake yomweyo. Kodi mafunso amenewa ali ndi phindu? Nanga nduna ikanama kapena ikalephera ntchito, aphungu angaichite chiyani?

Yankho: Aphunzitsi, ndiyambe ndi funso lanu lachiwirilo, poti ndi limene lili ndi fupa. Aphungu a ku Malawi sangachotse nduna pampando. Angaifunse, angaichititse manyazi dziko lonse likumva, angaumire unduna wake ndalama, koma kuichotsa ayi. Gawo 97 la malamulo aakulu a dziko lino likunena mosapita m'mbali kuti nduna zimayankha kwa Pulezidenti pa kayendetsedwe ka maunduna awo. Iye ndiye amazilemba, iye ndiye amazichotsa. Chimene malamulo omwewo apatsa aphungu chili m'gawo 96, pomwe akuti nduna zizipezeka ku Nyumba ya Malamulo kuti ziziyankha mafunso ndi kutenga nawo mbali pa zokambirana za mfundo za boma. Onani kusiyana kwake: kwa aphungu nduna imafotokoza, koma amene imamuopa ndi amene adaipatsa galimoto ya mbendera. Ndiye muja akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Izi zimasokoneza anthu chifukwa maonekedwe a nyumba yathu tidatengera ku Britain: sipikala pampando wautali, ndodo yaulemu patebulo, mbali ya boma uku, yotsutsa uko. Kumeneko nduna iliyonse imakhala ya m'nyumba ya malamulo, ndipo boma lonse limagwa aphungu akangolichotsera chikhulupiriro. N'chifukwa chake kunama m'nyumbamo ndi mlandu wotha nawo ntchito. Mu Epulo 2018 nduna ya za m'dziko ya kumeneko, Amber Rudd, idatula pansi udindo itauza komiti ya aphungu zinthu zosakhala zoona pa nkhani yothamangitsa anthu obwera, ngakhale idati sidachite dala. Ife mu 1994 tidasunga zovalazo koma injini tidaika ina: Pulezidenti timamusankha tokha, sadalira aphungu kuti akhale pampando, ndipo angathe kusankha nduna imene si phungu n'komwe. Anzathu a ku Zambia adaikako kachingwe pang'ono. Kwawo nduna imayenera kukhala phungu, ndipo malamulo awo a 2016 amalola aphungu kuvotera chidzudzulo pa nduna imene sakukhutira nayo. Ife kachingwe kameneko tilibe.

Tsono tibwere ku mlatho wanu, ndikuuzeni ulendo umene funso limayenda lisanafike m'khutu mwanu. Phungu amalemba funso n'kulipereka ku ofesi ya mlembi wa Nyumba ya Malamulo. Kuchoka apo limapita ku unduna, ku Capital Hill, komwe limatera pa desiki ya ofisala wina amene mwina ku Ntchisi sanafikeko. Iye amaimba foni kwa injiniya wa kuboma, kapena saimba, n'kulemba yankho la ndime ziwiri. Mlembi wamkulu wa undunawo amaliona, nduna imalilandira m'faelo, nthawi zina m'mawa wa tsiku lomwelo. Zimene mumamva pa wailesi ndi nduna ikuwerenga mawu a munthu wina. Mafunso amakhala mulu, nthawi yake yochepa, moti ena amafika pamndandanda wa tsiku patapita miyezi, ena mkumano umatha asanaitanidwe. Nduna ikakhala kuti palibe, mnzake amawerenga m'malo mwake, ndipo mnzakeyo mukamufunsa mozama amangoti akafikitsa uthenga.

Mpata weniweni uli pa funso lowonjezera, lija phungu amafunsa nduna ikangomaliza kuwerenga. Apa palibe pepala lobisalamo. Ndidakhalapo m'chipinda cha alendo pamwamba paja tsiku lina, phungu wina wachizimayi atafunsa za chipatala chaching'ono chimene chidaima pa lintala. Nduna idawerenga zachizolowezi zija. Mayiyo adaimirira ndi buku la bajeti m'manja, chala chili patsamba, n'kunena kuti nyumba ino idavomereza kale ndalama za ntchito imeneyi chaka chatha, nanga zidapita kuti? Nduna idatembenukira kumbuyo komwe kumakhala maofisala, kapepala kadayenda dzanja ndi dzanja mpaka kufika kutsogolo, ndipo m'kapepalamo munalibe yankho. Idalonjeza kubweretsa lipoti. Limenelo ndilo funso. Koma kawirikawiri chimachitika n'chiyani? Phungu wa ku Ntchisi akangokhala pansi, wa ku Mulanje amadzuka n'kuti kwathunso kuli mlatho, wa ku Karonga naye kwathunso, mpaka nduna imapeza pothawira: yatenga madandaulo onse, iwaona. Aliyense wamveka pa wailesi kwawo, palibe amene wapanikiza nduna. Sindikuwada kwenikweni aphunguwo, poti ife ovota ndife timawayeza ndi mijigo ndi milatho, osati ndi mafunso akuthwa. Koma zotsatira zake ndi zimene mwamva katatu zija.

Mwatinso nduna zonse zimayankha mofanana. Mawu amafanana, inde, koma kuseri kwa mawuwo mphamvu za nduna pa nkhani imene yafunsidwa zimasiyana kwambiri, ndipo phungu wosadziwa zimenezi amagogoda pakhomo polakwika.

Tengani mlatho wanu womwewo. Ngati uli pamsewu waukulu, mwini wake ndi bungwe la Roads Authority, ndipo ndalama zake zimadzera ku Roads Fund Administration, zochokera ku msonkho wa pa mafuta ndi zipata zolipiritsa monga cha pa Chingeni ndi cha pa Kalinyeke. Pamenepo nduna ya zamtengatenga ili ndi chonena. Koma ngati ndi kamlatho ka msewu wa kumudzi, n'kutheka kuti ndi ka khonsolo. Kuyambira 1998 dziko lino lidayamba kutsitsira mphamvu kumakhonsolo, ndipo misewu ya kumidzi, sukulu za pulayimale ndi zipatala zing'onozing'ono zambiri zili m'manja mwa khonsolo ndi bwanamkubwa. Nduna ikati "tidzaona ndalama zikapezeka" pa chinthu cha khonsolo, ikungokupepesani. Zikatero funso lofunika lili pa boma pa Ntchisi pomwepo: kodi mlathowu uli m'mapulani a chitukuko a khonsolo? Nanga thumba la chitukuko cha m'dera la CDF lagwira ntchito yanji chaka chino? Apa mpamene aphungu ena amayamba kutsokomola, chifukwa funsolo latembenukira kwa iwo.

Nduna ya zamagetsi ili ndi pobisala pena. Mukaifunsa za kuthimathima, iti ESCOM ndi EGENCO ndi makampani okhala ndi mabodi awo. Mukaifunsa za mtengo wa petulo, iti amakonza ndi a MERA, bungwe loima palokha. Pamalamulo ikunena zoona. Koma mabodi amenewo amasankhidwa ndi boma lomwelo, ndiye phungu wochenjera safunsa kuti "bwanji magetsi akuzima", amafunsa kuti maofesi a boma ali ndi ngongole yochuluka bwanji ku ESCOM ndipo abweza liti, chifukwa limenelo nduna singalikankhire kwa wina. Chimodzimodzi nduna ya zachuma. Pamene kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, adalengeza ndi a Reserve Bank, aphungu sadavotere. Iwo adangotsala ndi kufunsa pambuyo, mitengo itakwera kale m'magolosale. Komabe nduna yomweyo ya zachuma ndi imene aphungu amaigwira pakhosi kuposa ina iliyonse, chifukwa singatolere msonkho watsopano popanda lamulo, ndipo ngongole za boma nazo zimafuna chilolezo cha lamulo lodutsa m'nyumbayi. Mabilu a ngongole aja amene amadutsa madzulo amodzi, aphungu akuthamangira kukapuma, ndi amene zidzukulu zanu zidzalipire.

Za asilikali ndi chitetezo, malamulo adakhazikitsa komiti yakeyake m'gawo 162, ndipo zambiri amakambirana chitseko chili chotseka. Pali zifukwa zomveka, koma dziwani kuti mawu oti "chitetezo cha dziko" ndi bulangeti lalikulu, limafunda zoyenera ndi zosayenera zomwe. Za ubale ndi maiko ena sizimveka kawirikawiri pa nthawi ya mafunso, poti palibe phungu amene anthu ake amamudikira pabwalo kuti amve za kazembe wa ku Brussels.

Ndiye ngati pa wailesi paja pali phokoso lokha, mano a Nyumba ya Malamulo ali kuti? Ali m'makomiti ndi pa bajeti, malo awiri amene wailesi siifikako kwenikweni.

Gawo 60 limapatsa nyumbayi ndi makomiti ake mphamvu zofufuza nkhani ndi kuitanitsa munthu aliyense, kaya ali ndi udindo wotani. M'komiti mulibe zoti funso limodzi, yankho limodzi, wotsatira. Munthu amakhala pampando maola atatu, akazemba amamubweza pomwepo. Yodziwika kwambiri ndi komiti yolondoloza ndalama za boma, imene mwamwambo wapampando wake amachokera kumbali yotsutsa. (Apa ndipatuke pang'ono: ku Malawi kuli ma PAC atatu. Iyi ya ndalama, ina yoona za kusankhidwa kwa anthu m'maudindo, ndi bungwe lija la azipembedzo lomwe si la Nyumba ya Malamulo n'komwe. Manyuzipepala akalemba PAC, yambani mwafunsa kuti iti.) Komiti ya ndalamayi imatenga lipoti la mkulu wofufuza mabuku a boma, amene udindo wake uli m'gawo 184, n'kumaitana maunduna mmodzimmodzi. Koma taonani amene amabwera: si nduna, ndi mlembi wamkulu, PS, chifukwa pamalamulo a kayendetsedwe ka chuma iye ndiye woyang'anira ndalama za unduna. Nduna ndi ya mfundo, PS ndi wa ndalama.

Mukadzapeza mpata wokhala nawo pa zokambirana zoterezi mudzaone. PS amalowa ndi anthu asanu ndi mmodzi, wina atanyamula mafaelo omanga ndi chingwe. Wapampando amawerenga ndime yonena za mafuta a galimoto amene adagulidwa popanda malisiti. PS amayang'ana wowerengera ndalama, iye amayang'ana faelo, kenaka yankho limatuluka: nthawi imeneyo bwanayo anali asanabwere ku undunawu, ndipo zikalata zidasokonekera posamuka ofesi. Nthawi zambiri sanama. Lipoti limene akukambirana limakhala la zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo, ndipo alembi aakulu amasamutsidwa ngati mbuzi za chiweto. Amene adasaina ali ku unduna wina, kapena adapuma, nduna ya nthawiyo ili kumbali yotsutsa ndipo mwina yakhala m'komiti momwemo ikufunsa nawo. Ichi ndicho chilema chachikulu cha dongosolo lathu, kuposa mayankho ozemba a pa wailesi aja.

Nkhani ya Cashgate idaonetsa mng'alu umenewu poyera. Sidatulukire pa funso la phungu. Idaphulika mu Seputembala 2013 mkulu woona za bajeti, Paul Mphwiyo, atawomberedwa pakhomo pake ku Lilongwe, apolisi n'kuyamba kupeza ndalama m'mabuti a galimoto za anthu a malipiro ochepa. Kampani ya Baker Tilly itafufuza idapeza kuti pafupifupi K13 biliyoni idasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Joyce Banda adathetsa kabineti yake mu Okutobala chaka chomwecho, ndipo woyamba kulowa m'ndende mu 2014 adali mlembi wamkulu wakale wa unduna wa zokopa alendo. Ndalama zonsezo zidatuluka nyumba ili ndi makomiti ake onse.

Koma musathamangire kunena kuti makomiti ndi achabe. Kumbukirani nkhani ya chimanga cha ku Zambia chimene ADMARC inkagula. Kumayambiriro kwa 2017 komiti yophatikiza ya zaulimi ndi ya ndalama za boma, pansi pa Joseph Chidanti Malunga, idaitana akuluakulu a ADMARC ndi ena okhudzidwa, idafika mpaka ku Lusaka kukafunsa, anthu akutsatira tsiku ndi tsiku. Mbali inayi Pulezidenti Peter Mutharika adaika komiti yake yofufuza motsogozedwa ndi Anastasia Msosa, yemwe adali mkulu wa makhothi. Mabungwe omwe si aboma adapita kukhothi ku Mzuzu, a bungwe lothana ndi katangale la ACB nawo adalowapo. Mu Febuluwale 2017 nduna ya zaulimi, George Chaponda, idachotsedwa. Ndinene pomwepa kuti khothi la ku Zomba lidawapeza osalakwa mu 2018. Chimene ndikufuna muone ndi kayendedwe kake: aphungu sadachotse nduna, adangotenthetsa mpando mpaka wochotsayo adaona kuti kuisunga kukumudyera yekha. Zidabwerezanso mu 2022, zitadziwika kuti K750 miliyoni ya feteleza wa AIP idaperekedwa ku kampani ya ku Britain yotchedwa Barkaat Foods, imene anthu adangoitcha butchala poti malonda ake adali a nyama. Komiti ya zaulimi idalimbikira kufunsa, ndipo mu Okutobala Lazarus Chakwera adachotsa nduna Lobin Lowe pamodzi ndi wachiwiri wake. Mwaona kuti nkhani ziwiri zonsezi ndi za ulimi? Si mwangozi. Chimanga ndi feteleza zimakhudza mimba ya aliyense, ndiye phokoso lake limafika msanga ku nyumba ya boma. Mlatho wa ana a tsidya lina ulibe mwayi umenewo.

Dzino lachiwiri ndi bajeti. Boma silingatape ndalama m'thumba lake lalikulu popanda chilolezo cha aphungu. Nduna ya zachuma ikawerenga bajeti, aphungu amagawikana m'magulu kwa masabata angapo kukaunika unduna uliwonse ndi akuluakulu ake, kenaka amabwerera m'nyumba kukavomereza voti ndi voti, kutanthauza chigawo cha ndalama cha unduna uliwonse. Tsiku limenelo nduna iliyonse imaimirira kuteteza chigawo chake, ndipo aphungu angathe kukana kapena kuimika voti ya unduna mpaka atakhutira. Mlatho wanu umamangidwa kapena kufa pa nthawi imeneyi, osati pa nthawi ya mafunso. Ngati dzina lake silili m'mabuku a bajeti, "ndalama zikapezeka" tanthauzo lake ndi "osati chaka chino". Phungu amene amafunsa katatu pa wailesi koma osamenyera kuti mlathowo ulembedwe m'buku, akuthira madzi m'dengu.

Mphamvu imeneyi idaonekera kwathunthu m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, atachoka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, otsutsa ali ochuluka m'nyumba. Mu 2007 adakaniza bajeti pofuna kuti sipikala ayambe wathana ndi aphungu osintha zipani potsata gawo 65, ndipo idadutsa mu Seputembala pamene chaka cha boma chidayamba kale mu Julayi. Malamulo amalola boma kuyenda miyezi inayi yokha ndi chilolezo chapadera, ndiye zinthu zidafika pothina. Koma amene adamva kuwawa ndi odwala ndi aphunzitsi ngati inu, ndipo anthu adakwiyira otsutsa. Mu 2009 DPP idapambana ndi aphungu ochuluka zedi, nyumba n'kusanduka yongovomereza. Chibonga cha bajeti n'cholemera kwambiri moti wochinyamula amaopa kudziphwanya nacho phazi, ndipo chipani cholamula chikakhala ndi anthu ambiri palibenso wochinyamula.

Mwina mukuti, bwanji osangofunsa mwini wake amene nduna zimamuopa? Malamulo adaganizapo. Gawo 89 likuti Pulezidenti aziitanidwa kukayankha mafunso a aphungu. Bakili Muluzi adachitapo m'zaka zake zoyamba, kenaka mwambowo udazilala kwa zaka zambiri mpaka Chakwera adakaimanso pamaso pa aphungu mu Seputembala 2020. Ku Britain nduna yaikulu imayankha Lachitatu lililonse nyumba ikamakumana, ku Zambia wachiwiri kwa Pulezidenti amayankha Lachisanu. Kwathu zimadalira mtima wa amene ali pampando, ngakhale lamulo lilipo. Ine ndimaona kuti tsikulo n'lofunika, koma nalonso limagwa m'mbuna yomwe ija: theka la mafunso ndi oyamikira, theka lina ndi la kampeni.

Ndiye phindu la mafunso atatu a phungu wanu lili pati? Lili pa chinthu chimodzi chimene ambiri sachigwiritsa ntchito: mawu aliwonse olankhulidwa m'nyumbamo amalembedwa m'buku la Hansard. Nduna ikati ntchito iyamba, limenelo ndi lonjezo la boma lolembedwa, lokhala ndi tsiku lake. Ndipo nyumbayi ili ndi komiti imene ntchito yake ndi kulondola malonjezo a boma otere. Mlandu suola, koma umafuna woukumbutsa.

M'malo mwanu ndikadachita izi. Yambani mwadziwa mwini mlathowo, pofunsa kwa mkulu wa za ntchito ku khonsolo kapena kudzera kwa khansala ndi komiti ya chitukuko ya ADC. Ukakhala wa khonsolo, nkhondo yanu ili pa msonkhano wa khonsolo, osati ku Lilongwe. Ukakhala wa Roads Authority, pemphani phungu wanu masiku atatu amene adafunsira, ndipo mumuuze kuti ulendo wachinayi asakafunsenso ngati boma likudziwa. Akafunse kuti mlathowu uli pa voti iti, ndalama zake ndi zingati, kontirakitala adzasankhidwa mwezi uti, ndipo akatchule masiku atatu aja mmodzimmodzi. Komiti ya sukulu yanu, mafumu ndi makolo mungathenso kulemba chikalata cha dandaulo chimene phungu amakachipereka m'nyumba, kapena kulembera mwachindunji wapampando wa komiti yoona za zamtengatenga ndi wa komiti ya malonjezo ija. Lembanimo chiwerengero cha ana amene amajomba mtsinje ukadzaza, kuchokera m'kaundula wanu wa m'kalasi, mwezi ndi mwezi. Nambala zochokera kwa mphunzitsi n'zovuta kuzitsutsa kuposa mkwiyo wa phungu.

Pali khomo linanso limene silidutsa kwa phungu n'komwe. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Inuyo panokha mungalembere khonsolo kapena unduna kupempha zikalata za mlathowo, ndipo akakana kapena akangokhala chete mungakadandaule ku Malawi Human Rights Commission, imene imayang'anira lamuloli. Sungani kope la kalata yanu, ndipo poipereka muonetsetse kuti akudindirani chidindo chokhala ndi tsiku.

Nthawi yake muiwerengere bwino. Chaka cha boma tsopano chimayamba pa 1 Epulo, bajeti imawerengedwa cha mu Febuluwale kapena Malichi, ndipo maunduna amakhala atayamba kale kukonza ziwerengero zawo chaka chisanathe. Kalata yofika mu Malichi imapeza buku litasindikizidwa. Yanuyo ikhale itafika mvula yoyamba isanagwe, cha mu Okutobala.